Ngongole ku Joni: zinthu 7 zimene okulondolani alibe nazo mphamvu

Abale athu ambiri ku South Africa amatenga mipando, foni ndi zovala pa ngongole. Ukangodumphitsa miyezi iwiri, foni imayamba kulira usana ndi usiku. Ngongole ndi yobweza, palibe akutsutsa, koma zimandiwawa kuona munthu akugulitsa katundu wake chifukwa cha ziopsezo zimene malamulo a dzikolo adaletsa kalekale.

1. Ngongole simangitsa munthu. Mu 1995, pa mlandu wa Coetzee, Constitutional Court idathetsa zotsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kubweza ndalama. Wonena kuti "mawa tibwera ndi apolisi" akungokuopsezani. Choopsa ndi kunyozera chisamani cha kukhoti.

2. Lamlungu otolera ngongole saloledwa kukuimbirani kapena kufika pakhomo kudzaitanitsa ndalama. Masiku enawa saloledwanso kuyambira 9 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, pokhapokha mutawapempha nokha. Lamulo la Debt Collectors Act la 1998 limafuna kuti wotolera ngongole za ena alembetse ku Council for Debt Collectors, ndipo kumeneko ndi komwe mungakamusumire akamakuopsezani kapena akamadziyesa wapolisi.

3. Ngongole imafa. Apa mpofunika kumvetsetsa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Malinga ndi Prescription Act ya 1969, ngongole wamba imatha mphamvu pakadutsa zaka 3 musanaperekeko kalikonse, musanavomere kuti muli nayo, komanso musanalandire chisamani. Otolera ngongole amawerenga masikuwo kuposa inu. Nthawi ikayandikira, mawu aukali aja amasanduka okoma: "Bambo, ingoperekaniko R50 yokha tione kuti mtima wobweza muli nawo." Mukapereka R50 imeneyo, kapena mukangoti "ndikudziwa, ndibweza" pa foni imene akujambula mawu, zaka 3 zija zimayambanso pachiyambi. Kuyambira 2015, National Credit Act imaletsa kugulitsa kapena kutolera ngongole yakufa yotere. Koma ya nyumba ndi imene khoti lidagamula kale zimakhala zaka 30.

4. Chiwongoladzanja chili ndi polekezera. Ngati munasiya kulipira mutatsala ndi R4,000, chiwongoladzanja ndi zolipiritsa zowonjezeka pa nthawi imene simukulipirayo, kupatula ndalama zoyendetsera mlandu kukhoti, sizingapose R4,000 ina. Akakuuzani R15,000, apempheni akulembereni mmene awerengera.

5. Mashonisa, akatapila akumeneko, saloledwa kusunga chiphaso chanu, khadi la kubanki kapena nambala yake yachinsinsi ngati chikole, ndipo kutero ndi mlandu. Kwa mlendo nkhaniyi ndi yaikulu. Munthu amene pasipoti yake ili m'kabati mwa mashonisa sangapite kumudzi ngakhale kutagwa maliro, ndipo amabweza chilichonse chimene wauzidwa. Aliyense wochita bizinesi yobwereketsa ndalama ayenera kulembetsa ku National Credit Regulator, ngakhale ndalamazo zichepe bwanji.

6. Anyamata obwera ndi galimoto kudzanyamula firiji mungathe kuwabweza pakhomo. Wolanda katundu mwalamulo ndi sherifu yekha, atanyamula chikalata cha khoti, ndipo iyenso ayenera kukusiyirani mabedi, zofunda ndi zovala zofunikira.

7. Malipiro anu sangadulidwe mwachisawawa. Kale makalaliki a kukhoti ankangodinda zikalata zolamula bwana kuti azidula ndalama za wantchito, nthawi zina m'makhoti akutali kwambiri monga ku Kimberley, pamene wongongolayo akukhala ku Stellenbosch ndipo alibe ndalama yokwerera basi kukadziteteza. Ena ankatsala ndi kandalama kosakwanira ngakhale chakudya cha ana. Ofesi yothandiza osauka pa milandu ya ku yunivesite ya Stellenbosch idatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 2016 Constitutional Court idagamula kuti majisitireti yekha ndiye angaloleze kudula kotero, ataona kaye ngati munthuyo angakwanitse. Kuyambira 2018, zodulidwa mwa njira imeneyi, ngakhale ongongoza akhale angati, sizingapose 25 peresenti ya malipiro a munthu.