Chipukuta misozi pa ngozi ya pamsewu: amachiwerengera bwanji?

Nyengo yogulitsa fodya ikafika, msewu wa M1 umadzaza ndi malole opita ndi mabelo ku okushoni ya Chinkhoma, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Ngozi ikachitika, ndinu amayi amene mumadikirira matenda kuchipatala, ndipo kawirikawiri ndinu nomwe mumadzayendera za chipukuta misozi. Apa mpamene pamabuka mkangano. Wovulala akuti msana sukumulola kugwira khasu, pamene a kampani ya inshulansi akuti msanawo unkawawa kale, kapena kuti bala lake linali laling'ono. Zikatere, chimene chimalankhula ndi umboni wolembedwa.

Amalipira ndani?

Lamulo la dziko lino limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshulansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze. Koma inshulansiyo imakhala ndi malire a ndalama. Bwalo likagamula zoposa malirewo, zotsalazo amapereka ndi mwini galimoto kapena dalaivala. Ngati galimoto kapena njinga yamoto inalibe inshulansi, mlandu wonse umagwera iwowo. N'chifukwa chake nambala ya galimoto ndi lipoti la apolisi n'zofunika kwambiri.

Bwalo limayang'ana chiyani?

Poyamba bwalo limaona amene analakwa. Ngati wovulalayo naye anali ndi mbali yake, monga kudutsa msewu osayang'ana, ndalama zake zimachepetsedwa. Kenaka pamabwera kuwerengera, ndipo ku bwalo lalikulu ntchitoyi kawirikawiri amagwira ndi rejisitala. Iye amayang'ana ululu umene munthu wamva ndi umene adzamvebe, zinthu zimene sangathenso kuchita monga kuyenda mtunda wautali kapena kubereka mwana kumsana, zipsera ndi kupunduka, komanso kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama.

Ululu ulibe mtengo wake pamsika. Choncho bwalo limafanizira ndi milandu yakale ya anthu amene anavulala mofanana, n'kuganiziranso kugwa kwa kwacha, monga mmene inatsikira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zimene mwawononga kale, za mankhwala, za mayendedwe opita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ngakhale zolipirira malipoti, zimabwezedwa mukasonyeza umboni. Sungani malisiti onse m'pepala lapulasitiki.

Akamakana kuti munavulala

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Kupweteka kwa khosi, msana ndi mutu nthawi zina kumayamba patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mukachedwa milungu itatu, mwawapatsa mpata wonena kuti ululuwo wachokera kumunda. Fotokozani paliponse pamene pakuwawa, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu lakuchipatala. Bukulo ndi mboni yanu: likusonyeza mmene munalili ngozi isanachitike ndi mmene mwakhalira pambuyo pake. Sunganinso zithunzi za ekisileyi.

Pambuyo pake dokotala amalemba lipoti lofotokoza kuvulalako, ndipo nthawi zambiri amaikapo peresenti ya kupunduka kosatha. Pemphani munthu wodziwa Chingerezi akuwerengereni. Ngati lipoti likutchula mwendo wokha pamene m'buku mulinso za msana, bwererani mukafunse. Musalole munthu wokunyengererani kuti mukokomeze kuvulala kapena mugule lipoti labodza. Umenewo ndi mlandu, ndipo bodza likadziwika, ngakhale zoona zanu amazikayikira.

Mlimi alibe pepala la malipiro

Ambiri mwa inu simulandira malipiro a pamwezi, ndipo mapepala ogulitsira fodya nthawi zambiri amakhala m'dzina la bambo. Izi sizitanthauza kuti ntchito yanu ilibe mtengo. Fotokozani zonse zimene munkachita: kuthirira nazale, kusoka fodya, kusankha masamba m'chigafa, kugulitsa mandasi kapena tomato. Tengani mapepala a okushoni a zaka zam'mbuyo, buku la banki mkhonde, ndipo lembani ndalama zimene mwalipira aganyu ogwira ntchito imene munkagwira nokha.

Musafulumire kusaina

Kampani ikakupatsani ndalama, imakusainitsani pepala loti nkhani yatha. Mukasaina, n'kovuta kwambiri kubwereranso ngakhale mwendo utadzakana kupola. Chimodzimodzinso ndi chipepeso chimene mwini galimoto angabwere nacho kunyumba: musadinde chala papepala limene simunalimve. Dikirani dokotala anene kaye mmene mudzakhalire. Komabe musagone, pakuti mlandu wa kuvulala uyenera kukafika kubwalo pasanathe zaka zitatu.

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pa milandu. Mukapeza loya wanu, mugwirizane za malipiro ake polemba, ndipo ndalama zikatuluka pemphani kuona pepala losonyeza zonse zimene kampani yapereka. Kampani ya inshulansi ikamakuzengerezani, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampaniwa.

Mukapita kukazonda mnzanu wa m'bungwe amene wachita ngozi, mutanyamula ufa ndi nkhuni, mufunseninso kuti: lipoti la apolisi mwatenga? Buku lakuchipatala alembamo zonse? Malisiti mukusunga?