Achebe winayo, wothyola nthiti

Mukangotchula Chinua Achebe, aliyense amene anapondako ku sekondale amathamangira Things Fall Apart, buku la 1958 lija lothera pa Okonkwo kudzimangirira. Inenso ndinkayesa mkulu wa ku Nigeria ameneyu ngwa nkhani za misozi basi, mpaka tsiku lina nditatola kabuku kothothoka chikuto pamulu wa mabuku akale. Dzina lake Girls at War, ka 1972. Abale inu, ndinaseka ndekha pabenchi mpaka mayi wa tomato woyandikana nane anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

M'kabukumo muli nkhani yotchedwa The Voter. Mnyamata wina, Roof, anakaphunzira kukonza njinga ku Port Harcourt, ndipo atabwerera kumudzi anasanduka katswiri wa kampeni ya nduna Marcus Ibe. Usiku wina akugawa ndalama kwa madoda a m'mudzi, waika masheleni 2 aliyense. Madoda aja akuti yachepa. Anenerera ngati akugula usipa mpaka mtengo wafika pa 4.

Tsono usiku woti mawa nchisankho, kwatulukira munthu wa chipani chotsutsa, waika mapaundi 5 pansi. Roof mtima dyokodyoko! Atangolandira, amulumbiritsa pachithumwa kuti avotera Maduka, mdani wa bwana wake. Kutacha, mnyamata ali m'kachipinda kovotera thukuta kamukamu: uku bwana, uku chithumwa. Anatani? Anang'amba pepala pakati, theka m'bokosi ili, theka m'bokosi linalo, n'kutuluka monyang'wa. Wadya konsekonse, voti yapita padera.

Buku lina, A Man of the People la 1966, lili ndi wasitolo Josiah. Ameneyu anaitana wakhungu wopemphapempha, n'kumupatsa mpunga ndi mowa, kenako n'kumusinthira ndodo. Ati ndodoyo akapangire mankhwala oti makasitomala azigula mwakhungu. Mudzi utamva, palibe anapondanso pasitolopo, geni n'kugwa.

Apa mpamene kuseka kwanga kunathera pakhosi. Anthu omwewo amene analanga Josiah chifukwa cha ndodo imodzi, ankavinira Chief Nanga, nduna yomwe inkadya chuma cha boma masanasana. Za m'mudzi zili ndi mwini wake, za boma eti n'zopanda mwini.

Ife a mumsika timadziwa kuti ukambera kasitomala pasikelo, mawa sabweranso, ndipo amauza anzake. Nanga bwanji voti, katundu amene timamugwira kamodzi pa zaka 5, timamutaya pamtengo wa chitenje ndi kapaketi ka shuga?

Achebe anamwalira mu 2013, koma Roof ndi Josiah ndimakumana nawo nthawi ya kampeni iliyonse. Mukawapeza mabuku awiriwa pamulu, gulani. Wogulitsayo musamunenerere kwambiri, ndi mnzathu.