Kodi mumadziwa? Mbale ya jazi imasankhidwa ndi khutu

Mu jazi yakale, chomwe chimasunga mayendedwe a nyimbo ndi cymbal, mbale yamkuwa ija ya pa ng'oma za bandi. Kenny Clarke wa ku America ndiye anatchukitsa kaimbidweka cha m'ma 1940.

• Banja la Zildjian linayamba kusula mbalezi mu 1623 ku Constantinople, komwe lero ndi Istanbul.

• Mkuwa wake wotchuka umasakanizidwa motere: magawo 80 a kopa ndi 20 a tini.

• Akatswiri a ng'oma ngati Elvin Jones ndi Tony Williams ankakonda mbale za Zildjian zamtundu wa K, zosulidwa ndi nyundo pamanja.

• Ofuna liwu lakalelo amasankha mbale yopyapyala, yotambalala mainchesi 20 mpaka 22. Imalira motsika ndi mofewa, osaphimba zoimbira zina.

Mbale zosulidwa pamanja sizilira mofanana, ngakhale zikhale za kampani imodzi. Monga woimba mbalule wa Gule Wamkulu ku Mua amawamba ng'oma pamoto mpaka liwu limukhutiritse, woimba jazi nayenso amadalira khutu. Achinyamata a mabandi ku Mtakataka ndi ku Golomoti, musanagule mbale, yambani mwaiimba ndi ndodo zanu.