Wasiya ma solar kuti aphunzile kupanga ka IC ka mufoni

Foni yanga italeka kucaja mwezi watha, ndinapita nayo ku Katondo Street. Mnyamata wokonza anaitsegula, n'kuiyang'ana pa galasi, n'kundiuza kuti charging IC yapsa. Ambili a ife tinauzidwapo zimenezi. Timalipila, n'kuthamangila basi ku Kulima Tower, osafunsa kuti kanthu kocepa ngati njele ya mpunga kameneko anakapanga ndani.

Msuweni wanga afuna kukhala mmodzi wa anthu okapanga. Ali na zaka 31, anaphunzila zamagetsi, ndipo kwa zaka 6 anali kuika ma solar na ma inverter kumayadi. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba malaiti n'kumazima tsiku lonse, foni yake sinali kupuma. Manje wasiya nchito ya malipilo a pamwezi ija. Azakhali anga, amai ake, anayamba aganiza kuti wacotsedwa koma akubisa.

Zimene akuphunzila amati analog IC design. Ubongo wa foni umadziŵa zinthu ziŵili cabe, 0 na 1. Koma mau anu pamene mukukangana na kondakita pa nkhani ya chenji sali 0 kapena 1: amakwela, amatsika, amanjenjemela. Moto wa mu batile nawonso umatha pang'onopang'ono. Conco pafunika tuzipangizo tomva zinthu zotelo, kukuza zofooka, na kuzipeleka ku ubongo uja. Ndiyo analog. Ka IC kamene kanapsa mufoni yanga nchito yake inali kuona kuti batile isalandile moto wopitilila.

Tsiku lina madzulo ndinamupeza pa laputopu, akuyang'ana mizele yokhotakhota. Anali atatha milungu itatu pa kacipangizo kokuza mphamvu ya siginolo, kochedwa op-amp, ka ma transistor osakwana 10. Ndinaseka. Si paja foni ili na ma transistor mabiliyoni? Anandifotokozela kuti ku digito mapulogilamu ndiwo amayala ma transistor ambilimbili, koma ku analog munthu amasankha yekha utali na m'lifupi mwa iliyonse. Ukawonjezela liŵilo, kamadya moto wambili. Ukacepetsa moto, phokoso limakula. Ndipo ma transistor aŵili ojambulidwa mofanana satuluka m'fakitale ofanana ndendende. Kake kanali kugwila bwino pa madigili 27, koma atakayesa pa 85 kanayamba misala. Anayambanso.

Zinthu zotelo zikapangidwa bwino zimakhalitsa. Ka chip kochedwa 555, kamene Hans Camenzind anakonza mu 1971 na ma transistor pafupifupi 25, kakali kugulitsidwa mpaka lelo.

N'cifukwa ciani munthu wa mu Lusaka angayese zimenezi manje? Kale citseko cinali cokhoma. Mapulogilamu a makampani monga Cadence ni odula kwambili moti munthu payekha sangakwanitse, ndipo mafakitale anali kubisa malamulo a kapangidwe kawo. Mu 2020, Google na kampani ya SkyWater ya ku America anatulutsa poyela malamulo a fakitale a 130 nm. Pali mapulogilamu aulele monga ngspice, Xschem na KLayout. Maphunzilo a Behzad Razavi, amene buku lake ophunzila analog ambili amayambila, ali pa YouTube. Palinso Tiny Tapeout, kumene anthu ambili amagaŵana chip imodzi, aliyense n'kulipila kamalo kake, ngati mmene timalipilila mpando mu minibasi.

Koma ndinamuuza zoona monga m'bale wake: citseko cotseguka si nchito. M'Zambia mulibe fakitale ya ma chip, ngakhale kuti kuyambila 1997, pamene IBM inayamba zimenezi, tumawaya twa mkati mwa ma chip ambili ni twa kopa. Pa zaka zimene ndakhala mu nyuzipepala sindinaonepo kampani ya kuno ikulengeza kuti ifuna wopanga ma IC. Olemba anthu otelo ni monga Texas Instruments na Analog Devices, ndipo maofesi opanga ma chip ali m'mizinda ngati Bengaluru na Cairo. Nthawi zambili amafuna digili yaciŵili, kapena umboni wakuti unapangapo chip n'kugwila nchito. Kosi ya miyezi itatu pa intaneti siikwana.

Iye adziŵa. Pulani yake ni yakuti atumize kapangidwe kake ku fakitale, chip ikabwela aiyese, ndiyeno afunsile malo a maphunzilo kunja atanyamula zotulukapo. Kudikila kumatenga miyezi yambili. Ndipo ngati analakwitsa pena, palibe cakuti n'kutenga soda n'kuwochelela ngati ku Katondo. Ndalama yapita, uyambenso.

Ine ndikali kuona kuti anafulumila kusiya nchito. Akanatha kuyamba na usiku cabe. Iye amati anayesa caka cathunthu, koma munthu amene wacoka pa denga 18 koloko amagona pa buku.

Lendi siidikila chip. Pa Ciŵelu amakwelabe madenga ku Chalala, kukonza ma inverter a makasitomala ake akale. Sabata yatha tinakwela basi imodzi. Anakhala pa kampando kopinda kaja, cikwama ca mapulayasi pa miyendo, akujambula ma transistor kumbuyo kwa lisiti. Kondakita anacita kumugwedeza kaŵili kuti apeleke ndalama.