Kakompyuta Kolondera Nyenyezi

Munthu wofuna kujambula nyenyezi amalimbana ndi dziko lomwe waimapolo. Dzikoli limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, kotero kuti nyenyezi imene kamera yailunjika imakhala itasuntha chithunzi chisanathe. Popeza kuŵala kwa mlalang'amba n'kofooka, kamera iyenera kukhala chitsegukire mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo zithunzi zotere zimafunika zambirimbiri usiku umodzi. Kale wojambula ankachezera panja, diso lili pa galasi, dzanja likuwongolera telesikopu. Masiku ano ambiri ntchito yaulondayi aisiyira kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi.

Kakompyutaka kanayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012. Anakakonza ku Cambridge, ku Mangalande, ndi cholinga chophunzitsira ana a sukulu. Kamakwana m'chikhatho ndipo sikadya magetsi ambiri, tsono kangathe kumangiriridwa pa telesikopu pomwepo, mwini wake n'kumakalamula ali m'nyumba kudzera pa Wi-Fi.

Mapulogalamu ofunika alipo aŵiri. Yoyamba ndi INDI, imene Elwood Downey anaiyambitsa, ndipo ntchito yake ndi yotanthauzira. Kamera ili ndi chilankhulo chake, chipangizo chotembenuza telesikopu, chimene akatswiri amachitcha mount, chilinso ndi chake. INDI ndiye amachititsa kuti zonsezi zimvane. Yachiŵiri ndi KStars, mapu a thambo amene anayamba m'chaka cha 2001. M'kati mwake muli Ekos, ntchito ya Jasem Mutlaq wa ku Kuwait, ndipo Ekos ndiye kapitao: amaloza telesikopu, amatsegula kamera, amaŵerenga zithunzi. Wosafuna kuvutika amagula StellarMate, momwe zonse anaziika kale. Wofuna zaulere amalemba Raspberry Pi OS pa kakhadi ka microSD, n'kuikamo yekha mapulogalamuwo. Akatero amauza Ekos maina a zipangizo zake ndi muyeso wa galasi la telesikopu.

Kufika pamenepa ntchito ndi ya pathebulo masana. Mavuto amadikira kunja.

Loyamba ndi magetsi. Raspberry Pi 4, ya m'chaka cha 2019, imafuna mavoti 5 ndi maampu 3. Waya ukakhala woonda kapena wautali, mphamvu imachepa, ndipo kamera imangosoŵa pakati pa chithunzi. Ambiri amathamangira kudzudzula pulogalamu, chonsecho wolakwa ndi waya wotsika mtengo.

Lachiŵiri, lomwe limasokoneza ngakhale ozoloŵera, ndi nthaŵi. Raspberry Pi 4 ndi zonse zam'mbuyo mwake zilibe wotchi yoyenda zikazimitsidwa. Zimafunsa nthaŵi pa intaneti. Kuthengo kopanda intaneti kakompyutaka kamadzuka kakuganiza kuti ikadali nthaŵi imene kanagonera. Wotchi ikaphonya mphindi 4 zokha, thambo limakhala litasuntha digiri imodzi, kumene kuli ngati miyezi iŵiri yathunthu itagundizana. Nanga ikaphonya maola asanu? Telesikopu ingaloze pansi, ngakhale kugunda miyendo yake yomwe. Mankhwala ake ndi kachipangizo ka GPS koloŵetsa pa USB, kamene kamapereka nthaŵi ndi malo pamodzi. Raspberry Pi 5, ya m'chaka cha 2023, inabwera ndi wotchi yake, koma batire lake ndi logula padera.

Malo nawo ali ndi msampha. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa equator, ndipo chiŵerengerochi chiyenera kulembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Woiŵala kamzere kameneka wauza makina kuti ali kumpoto, ndipo mount idzatsata nyenyezi chobwerera m'mbuyo.

Okhala kumpoto amalunjika mount pa nyenyezi yoŵala ya Polaris. Kumwera kuno Polaris saoneka konse, ndipo Sigma Octantis, imene ili pafupi ndi mchombo wa thambo lakumwera, ndi yozirala, yovuta kuiona ndi maso. Apa m'pamene kakompyutaka kamaonetsa phindu lake. Ekos amajambula chithunzi, n'kuyerekeza kakhalidwe ka nyenyezi zili m'menemo ndi kaundula wa nyenyezi, mpaka atazindikira pamene telesikopu yaloza. Akajambula katatu, uku akutembenuza mount, amanena kuti yapendekera pati ndiponso motani. Wojambula amangopotokola timabauti ndi dzanja kufikira cholakwacho chitachepa. Koma kaundulayo ndi wamkulu, ndipo ayenera kukopedwa pa intaneti munthu asanachoke pakhomo. Muyeso wa galasi ukalembedwa molakwa, makina amafufuza nthaŵi yaitali osapeza kanthu.

Ku Malaŵi miyezi yokoma pa ntchitoyi ndi Juni ndi Julayi, pamene pakati peni peni pa mlalang'amba pamadutsa pamwamba pamutu. Mame a nyengo yozizirayi amanyowetsa magalasi, motero kakompyutako kamafunika kabokosi kokatchinjiriza. Pofika Seputembala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimakhala zitaphimba nyenyezi zofooka.