Minsi ya nkhuku yaiwisi kwa galu: kununkhiza kokha sikokwanira

Achinyamata ambiri m'tauni masiku ano akuweta agalu a mtundu, ma Boerboel, ma German Shepherd, ma Rottweiler, koma chakudya cha m'matumba chija mtengo wake ndi wosayamba. Ndiye ambiri atembenukira ku zotsalira za nkhuku: makosi, misana, mitu, mapazi, zina zitagayidwa kale pamodzi ndi mafupa kukhala minsi. Pa TikTok ndi pa Facebook mavidiyo a agalu onenepa akudya nyama yaiwisi ali mbwee. Funso lomwe limabwera pafupipafupi ndi lakuti, kodi ndingadziwe bwanji kuti minsiyi ikadali bwino? Yankho lomwe anthu amapatsana ndi limodzi: inunkhize basi. Kununkhiza kumathandiza ndithu, koma pali zina zomwe mphuno siigwira, ndipo zimenezo ndi zomwe zimagoneka anthu m'chipatala.

Zomwe maso ndi mphuno zimagwira

Minsi yatsopano imakhala yapinki, mafuta ake oyera kapena achikasu pang'ono. Fungo lake silimveka kwambiri, ndipo mukaigwira imakhala yonyowa koma siinanda. Ikayamba kuwonongeka imatuwa, penapake kubiriwira. Imatulutsa fungo lowawasa kapena longa la mazira owola, ndipo imaterera ngati therere. Ngati ili m'paketi yomata ndipo paketiyo yafufuma, ndiye kuti mabakiteriya ayamba kale kutulutsa mpweya mkatimo.

Mukaona chimodzi mwa zimenezi, tayani, ndipo tayani poti galu sakafukula. Musati "ndingoiwiritsa kwambiri". Mabakiteriya ena, monga Staphylococcus aureus, amasiya poizoni yemwe satha ndi moto.

Zomwe mphuno siigwira

Mabakiteriya owoletsa nyama ndi ena, odwalitsa ndi enanso. Salmonella, Campylobacter ndi Listeria sasintha mtundu wa nyama ndipo sanunkha. Nkhuku yophedwa m'mawa womwewo, yooneka bwinobwino, itha kukhala nawo, chifukwa amachokera m'matumbo a nkhukuyo n'kufalikira pa nyama poitumbula.

Bungwe la FDA la ku America linayeza zakudya za ziweto pakati pa 2010 ndi 2012. Pa zakudya zaziwisi 196, zokwana 15 zinapezeka ndi Salmonella ndipo 32 zinali ndi Listeria monocytogenes. Izitu zinali zopakidwa ndi makampani, osati zogulitsa pa benchi dzuwa likuswa mtengo.

Minsi imaposa nyama yathunthu kuopsa kwake. Pa nthuli yathunthu tizilombo timakhala kunja, koma makina ogayira amatisakaniza paliponse, komanso amasakaniza nyama ya nkhuku zambirimbiri. Imodzi ikakhala ndi vuto, yaipitsa mulu wonse.

"Koma galu ali ndi m'mimba molimba"

Zoona, agalu akuluakulu athanzi nthawi zambiri amadya Salmonella osadwala. Koma amamutulutsa m'chimbudzi chawo, amatsalanso kukamwa ndi m'mbale. Galu yemweyo akanyambita mwana kumaso, kapena mwana akakwawa pabwalo pomwe galu anadzithandizira, matenda alowa m'nyumba. Omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, agogo, ndi aliyense yemwe chitetezo cha m'thupi mwake ndi chotsika. Kwa mayi woyembekezera, Listeria atha kuchititsa kuti apite padera.

Agalunso si onse olimba. Tiana ta agalu, agalu okalamba ndi odwala amatsegula m'mimba mosavuta. Mu 2018 akatswiri a pa University of Melbourne ku Australia anapeza kuti agalu odya nkhuku yaiwisi, makamaka makosi, amapezeka kwambiri ndi matenda ena a mitsempha omwe amafoola miyendo kuyambira yakumbuyo, ndipo anawalumikiza ndi Campylobacter. Ndi matenda osowa, koma galu akagwidwa amatha milungu kapena miyezi asakuyenda bwino.

Werengani maola ndi kuzizira kwake

Popeza fungo silinena zonse, chodalirika ndi kudziwa kuti nyamayo yakhala nthawi yaitali bwanji kunja kwa filiji.

Minsi yaiwisi isapitirire maola 2 ili panja. Kukatentha kupyola madigiri 32, ngati momwe zimakhalira mu Okutobala ndi Novembala, ola limodzi lokha. Ulendo wa pa minibasi kuchoka ku msika umawerengedwanso.

M'filiji yozizira madigiri 4 kapena kutsika apo, minsi imakhala tsiku limodzi kapena awiri basi. Yotsala iumitseni mu filiza tsiku lomwelo, mutaigawa m'timapepala ta chakudya cha tsiku limodzi. Dziwani kuti kuumitsa sikupha Salmonella, kumangomugoneka. Nyama ikasungunuka amayambiranso kuswana, choncho isungunulireni m'filiji m'mbale yotseka, pa shelefu yapansi, osati padzuwa kapena pasinki usiku wonse.

Nanga magetsi akazima? Filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Filiza yodzaza imafika maola 48, yodzaza theka maola 24. Nyama ikakhala kuti ikadali ndi ayezi mkati mutha kuiumitsanso. Ikasungunukiratu n'kufunda, yapita imeneyo.

Pogula, yang'anani paketi. Ayezi wofiira wa magazi woundana pansi pa pepala ndi chizindikiro chakuti nyamayo inasungunukapo kenako n'kuumitsidwanso. Funsani kuti yagayidwa liti. Ndipo nkhuku zofa zokha, ngakhale akupatseni ulere, zisiyeni. Simukudziwa chomwe chazipha kapena mankhwala omwe zinamwetsedwa.

Njira yachidule: iphikeni

Kutentha kwa madigiri 74 kumapha Salmonella, Campylobacter ndi Listeria. Kunyumba, ingowiritsani minsiyo mukutakasa mpaka pasakhale papinki paliponse. Musathire mchere, ndipo anyezi ndi adyo ayi ndithu, chifukwa zimawononga magazi a galu. Msuzi wake musataye, sakanizani ndi nsima ya mgaiwa ndi maungu kapena masamba ophika.

Samalani ndi mafupa. Fupa la nkhuku likaphikidwa limauma n'kumathetheka ngati tizisonga tomwe tingabaye kukhosi kapena m'matumbo. Ngati mukufinya minsi ndi zala n'kumamva tizidutswa takuthwa, sinagayike mokwanira kuti muiphike. Komanso minsi yokhayokha si chakudya chokwanira. Yopanda mafupa ilibe kashiamu wokwanira, ndipo kamwana ka galu kokulira imeneyo yokha mafupa ake amafooka, miyendo n'kupindika. Funsani a zaziweto za kasakanizidwe koyenera msinkhu wa galu wanu.

Ngati mwatsimikiza kuti wanu azidya yaiwisi, khalani ndi mpeni, thabwa ndi mbale zakezake. Zomwe wasiya chotsani pakatha theka la ola, tsukani mbale ndi sopo ndi madzi otentha, sambani m'manja, ndipo tolani chimbudzi chake tsiku lililonse. Pakhomo pakakhala khanda kapena wodwala, yaiwisiyo ingoisiyani.

Nthawi yothamangira kwa dokotala

Galu akamasanza mobwerezabwereza, kutsegula m'mimba kwa magazi, kukana chakudya kupyola tsiku limodzi, kapena kudzandira miyendo yakumbuyo, musayambe ndi kufunsa pa gulu la WhatsApp. Pitani naye ku ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu kapena kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha LSPCA. Kwa kamwana ka galu musadikire n'komwe, chifukwa kutsegula kwa magazi kutha kukhalanso parvo, yomwe imapha m'masiku ochepa. Mukafika, nenani zoona za zomwe wadya komanso komwe munazigula.