Musanatumize uthenga wa malonda, yambani mwapempha chilolezo

Masiku ano mabanja ambiri akuthandizika ndi timabizinesi ta pakhomo. Wina akugulitsa uchi, wina chiponde, wina ufa wa soya wa phala la ana, wina mazira ndi masamba a kudimba. Pofuna ogula, ambiri sasenzanso dengu kuyenda khomo ndi khomo. Amangolemba uthenga umodzi n'kuutumiza kwa aliyense amene nambala yake ili m'foni mwawo. Njirayi ndi yachangu komanso yotsika mtengo, koma ili ndi malamulo ake. Uthenga wotsatsa malonda wopita kwa munthu amene sanaupemphe, umene pa intaneti amautcha spam, ungakupalamulitseni mlandu, ungatseketse WhatsApp yanu, ndiponso ungakudanitseni ndi anansi.

Vutoli si la lero. M'chaka cha 1978, Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anadandaula. Pamene intaneti ndi mafoni a m'manja zinafala, mauthenga otere anachuluka mpaka maboma anayamba kukhazikitsa malamulo.

Zimene malamulo akunena

Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kutumizira ogula mauthenga a malonda iwo asanavomereze. Palinso lamulo la Data Protection Act la 2024, loteteza zinthu zokhudza munthu monga dzina, nambala ya foni ndi imelo, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira lamuloli. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti zimene munthu wakupatsani pa chifukwa china musazigwiritse ntchito ina imene iye sakuidziwa. Nkhani za umoyo wa munthu lamuloli limaziika m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera.

Amene mumagulitsa mpunga wa Kilombero, usipa kapena zitenje kwa Amalawi okhala kunja, dziwani kuti kumeneko kulinso malamulo ake. Ku South Africa, lamulo la POPIA, limene aliyense anayenera kuyamba kulitsata pofika pa 1 July 2021, limalola kufunsa munthu amene si kasitomala wanu kamodzi kokha ngati akufuna kulandira mauthenga a malonda. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Ku Britain, malamulo a 2003 amafunanso kuti munthu avomereze kaye, kupatula amene anagulapo kale kapena kufunsa za katundu wanu ndipo anapatsidwa mwayi wokana. Ku America, lamulo la CAN-SPAM la 2003 silikakamiza kupempha chilolezo, koma limaletsa kunama pa mutu wa imelo, limafuna kuti wotumiza alembe keyala yake, ndipo munthu akanena kuti musiye, muyenera kusiya pasanathe masiku 10 ogwira ntchito.

Ngakhale malamulowa amasiyana apa ndi apo, mtima wake ndi umodzi, ndipo ife sitikuuona chilendo. Munthu akafika pakhomo pa mnzake amati "odi", amadikira kuyankhidwa, amanena kuti ndi ndani, ndipo eni khomo akati alibe mpata, amabwerera. Foni ya munthu ndi khomo lakenso.

Nambala zolembedwa pa tsiku loyeza matupi

Pali malo amodzi pamene ife othandiza pa zaumoyo tiyenera kuchenjera kwambiri. Mpingo ukakonza tsiku loyeza anthu BP, shuga ndi sikelo, anthu amalemba mayina ndi nambala zawo m'kaundula. Amalemba kuti tidzawakumbutse kupita kuchipatala kapena kuwaitanira ku maphunziro a kadyedwe. Sanalembe kuti azigulitsidwa katundu.

Taganizirani mayi amene wapezeka ndi shuga wokwera. Patapita sabata, akulandira uthenga kuchokera pa nambala yosaidziwa wonena kuti, popeza muli ndi shuga, gulani masamba a tiyi awa. Apa palakwika zinthu zitatu. Choyamba, nambala yake yagwira ntchito imene iye sanavomereze. Chachiwiri, chinsinsi cha matenda ake chatuluka, chifukwa m'mabanja ambiri foni imodzi amagwiritsa ntchito anthu angapo, ndipo uthengawo angauwerenge mwana kapena mlamu mayiyo asanauze aliyense. Chachitatu, akakhulupirira uthengawo angasiye mankhwala a kuchipatala, ndipo shuga ndi BP zikalekereredwa zimawononga impso, maso ndi mitsempha mwakachetechete.

Chopweteka china chimabwera pambuyo pake. Anthu akazindikira kuti kuyezetsa kumabweretsa mauthenga a malonda, ulendo wina amalemba nambala zabodza kapena sabweranso. Amene akanapezeka ndi BP yokwera nthawi ikadalipo amakhala kunyumba osadziwa kanthu. Choncho kaundula wotere asungidwe ndi munthu mmodzi wodalirika, asajambulidwe pa foni n'kuponyedwa pa gulu, ndipo ntchito yake ikatha awonongedwe. Ndi chimodzimodzinso nambala za pa gulu la kwaya, la amayi a Dorika, la banki m'khonde kapena la makolo a kusukulu. Kukhala pa gulu limodzi ndi munthu si chilolezo choti muzimutumizira malonda.

Zinthu zitatu zoyenera kuchita

Choyamba ndi kupempha. Munthu akagula uchi, mufunseni kuti, "Kodi mungakonde ndizikudziwitsani pa foni uchi wina ukafika?" Akavomera, lembani m'kope dzina lake, tsiku ndi chimene wavomera. Kopelo ndi umboni wanu tsiku lina akadzadandaula. Kukhala chete si kuvomera, ndipo amene wavomera za uchi sanavomere za inshuwalansi kapena za bizinesi ya mlongo wanu. Musagule kapena kubwereka mndandanda wa nambala kwa wina, ngakhale atakuuzani kuti eni ake anavomera, chifukwa sanavomere inuyo.

Chachiwiri ndi kudzitchula ndi kunena zoona. Uthenga uliwonse unene dzina lanu kapena la bizinesi yanu, kumene mumapezeka ndi nambala yoti akuimbireni. Musayambe ndi mawu akuti "mwapambana mphoto" kapena "nkhani yadzidzidzi" pamene mukungogulitsa chiponde. Mawu otere ndi amene akuba a pa foni amagwiritsa ntchito, ndipo anthu anatopa nawo. Musalembenso kuti katundu wanu amachiza matenda. Kutsatsa mankhwala kuli ndi malamulo ake amene bungwe la PMRA limayang'anira, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula amene anamizidwa.

Chachitatu ndi kupereka njira yosiyira. Kumapeto kwa uthenga lembani kuti, "Ngati simukufunanso mauthengawa, yankhani kuti SIYANI." Munthu akayankha choncho, muchotseni tsiku lomwelo. Musamufunse chifukwa chake, musamuimbire kumunyengerera, ndipo mukakumana musamuonetse nkhope yakuda. Sanakane inuyo, wangokana mauthenga.

Pa WhatsApp ndi pa imelo

Musaike anthu pa gulu la malonda musanawafunse. Pa gulu aliyense amaona nambala za anzake, ndiye kuti mwagawa nambala za makasitomala anu kwa anthu osawadziwa, ndipo ena mwa iwo angakhale akuba. Njira yabwinopo ndi broadcast, imene imatenga anthu osapitirira 256 ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Kuika zithunzi za katundu pa status ndi kwabwinonso, chifukwa amaonera yekhayo amene wafuna. Kumbukirani kuti anthu ambiri akakubulokani ndi kukunenezani, WhatsApp imatha kutseka akaunti yanu, ndipo makasitomala amene munawapeza movutikira mungawataye tsiku limodzi.

Potumiza imelo kwa anthu ambiri, ikani ma adiresi awo pamene palembedwa Bcc, osati pa To kapena Cc, kuti wina asaone adiresi ya mnzake. Ganiziraninso nthawi ndi kuchuluka kwa mauthenga. Foni ikalira pakati pa usiku, munthu amadzidzimuka poganiza kuti kwagwa zovuta kumudzi, ndipo ena tulo sitibweranso. Zithunzi ndi mavidiyo ambirimbiri zimathanso bandulo ya mnzanu imene anagula ndi ndalama zake. Uthenga umodzi pa sabata, wotumizidwa masana, ndi wokwanira.

Inu mukalandira mauthenga otere

Muli ndi ufulu wouza wotumiza kuti asiye, komanso womufunsa kumene anatenga nambala yanu. Akapitiriza, mubulokeni, sungani mauthengawo ngati umboni, ndipo mungathe kukadandaula ku MACRA. Koma uthenga ukakhala wokayikitsa, wonena za mphoto kapena wopempha nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, musauyankhe n'komwe ndipo musatsegule link imene ili m'menemo. Akuluakulu a pakhomo panu amene sanazolowere mafoni muwafotokozere zimenezi bwinobwino.

Amene akuyamba bizinesi angaone ngati kupempha chilolezo kuchedwetsa malonda. Koma anthu 40 amene anavomera okha amawerenga uthenga wanu, amagula ndipo amauza anzawo, pamene anthu 400 amene mwangowagwera ambiri amafufuta asanawerenge. Sabata ino tsegulani foni yanu, muone anthu amene mumawatumizira malonda, ndipo amene simunawafunsepo muwachotse pa mndandanda kufikira tsiku limene adzavomere okha.